Momwe mungapangire chofungatira mazira ndi kontirola ya STC-1000 kapena W1209

Thadzi lakumudzi likafungatira mazira 10 kapena 12, limakhala pachisa masiku 21, kenako n'kutha milungu ingapo likuyendayenda ndi anapiye, osaikiranso. Munthu wa mathadzi asanu okha kudikira kumeneku kumamuwawa. N'chifukwa chake ena kuno ku Chipata amadzipangira okha chofungatira mazira, kuti thadzi lizingoikira basi. Chimene chimayang'anira kutentha m'menemo ndi kabokosi koonetsa manambala ofiira, kamene amagetsi amangoti kontirola. Si kodula, ndipo mukakamvetsa kamodzi mudzakagwiritsa ntchito pa zinthu zambiri.

Yambani ndi kusankha kontirola

Zimene zimapezeka kwambiri ndi ziwiri. STC-1000 ili m'kabokosi kake kale, yambiri imayendera malaiti a m'nyumba a 220V, ndipo ili ndi mbali ziwiri, yotenthetsa ndi yoziziritsa. W1209 ndi kabolodi kopanda chovala, kamayendera 12V, ndipo kamachita chimodzi pa nthawi, kutenthetsa kapena kuziziritsa. Funsani m'mashopu a zamagetsi ku Down Shops, kapena tumani munthu wochokera ku Lusaka. Pogula werengani pepala lomatidwa pamwamba pake, chifukwa STC-1000 iliponso ya 12V, ndipo imeneyo mukailowetsa pa soketi ya pakhoma imapsa nthawi yomweyo.

Ngati kwanu malaiti amapitapita, ine ndingati tengani W1209 ndi batire. Amene anaona mmene zinalili mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, safunika kuuzidwa kawiri.

Mvetsani ichi musanagwire waya: kontirola sitenthetsa kanthu. Ndi swichi chabe yokhala ndi sensa. Sensayo ikamva kuti kwazizira imayatsa babu, ikamva kuti kwafika imathimitsa. Ambiri amalumikiza babu pa 5 ndi 6 basi, manambala a polowetsa mawaya kumbuyo kwa STC-1000, n'kumadabwa kuti siliyaka, mpaka kubwerera kushopu kukakangana kuti awagulitsa chakufa. Malaiti muyenera kuwapititsa nokha pa swichiyo.

Bokosi ndi zotenthetsa

Firiji yakufa ndiyo yabwino koposa, chifukwa makoma ake sataya kutentha. Bokosi loyera lija lonyamuliramo nsomba ndi ayezi nalonso limagwira, kapena kabokosi ka matabwa kokutidwa ndi makatoni. Boolani timabowo tingapo, tina m'munsi tina m'mwamba. Dzira limapuma.

Babu la LED silithandiza pano, silitulutsa kutentha kokwanira. Pamafunika mababu akale aja okhala ndi kawaya koyaka m'kati, awiri a 40W ngati bokosi ndi lapakati. Awiri, kuti limodzi likapsa usiku linalo ligwirizize. Mababu amenewa akusowa masiku ano, koma a W1209 savutika: mababu a galimoto a 12V 21W, aja a mabuleki, amapezeka kwa aliyense wogulitsa masipeya. Awiri otere amakoka ma amp pafupifupi 3.5 akamayaka, ndiye batire ya 100Ah yodzaza bwino imatha kuwasunga usiku wonse, poti sayaka nthawi zonse.

Ikaninso kafani ka kompyuta ka 12V kuti kaziuzira mababu. Kafanika musakadutsitse pa kontirola ayi, kazizungulira usana ndi usiku. Popanda iko, m'mwamba mumatentha pansi pakuzizira.

Kulumikiza mawaya

Kumbuyo kwa STC-1000 kuli manambala 1 mpaka 8. Pa 1 ndi 2 m'polowera malaiti, pa 3 ndi 4 m'pa sensa, pa 5 ndi 6 m'pa chotenthetsa, pa 7 ndi 8 m'pa choziziritsa. Yerekezani ndi chithunzi chili pamwamba pa kontirola yanu, ndipo chikasiyana ndi izi tsatirani chithunzicho.

Pulagi ili kunja kwa soketi, tengani waya wabulauni, wamoto uja, muuike pa 1. Dulani kachidutswa ka waya mudumphitse kuchokera pa 1 kupita pa 5. Pa 6 tulutsani waya wopita ku mababu. Waya wabuluu upite pa 2, komanso upitirire mpaka ku mbali ina ya mababu. Mangitsani masikulu, mukoke waya uliwonse pang'ono kuona ngati wagwira. Ngati firiji ndi yachitsulo, waya wobiriwira ndi wachikasu umangidwe pachitsulopo. Malaiti a 220V sakhululuka: ngati simunagwirepo ntchito imeneyi, itanani wamagetsi, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kontirola ikhale kunja kwa bokosi, pamalo pouma pomwe ana sangafike.

Pa W1209 nzeru ndi yomweyo. Pa +12V ndi GND m'pa batire, K0 ndi K1 ndiyo swichi. Dumphitsani kawaya kuchokera pa +12V kupita pa K0, K1 ipite ku mababu, mbali ina ya mababu ibwerere pa GND. Musaiwale fyuzi pafupi ndi batire.

Pomwe sensa ikhale

Apa ndi pomwe ndinagwa ine ulendo woyamba, ndipo ndi pomwe ndikufuna muime kaye. Ndinalendeweretsa sensa m'mwamba, pafupi ndi babu, chifukwa waya wake unali waufupi ndipo ndinachita ulesi kusuntha kontirola. Manambala ankaonetsa 37.7 tsiku ndi tsiku, ine n'kumadzitama kwa aneba. Tsiku la 21 linadutsa kuli zii. Anapiye ochepa anadzatuluka pa tsiku la 23, ofooka, ndipo mazira otsalawo anasukusa. Kontirola sinanama. Inkanena kutentha kwa pomwe ndinaiika, pamene pansi pa thireyi mazira ankagona ndi mphepo.

Ndiye mutu wa sensa ukhale pakati pa thireyi, molingana ndi pamwamba pa dzira. Usakhudze khoma, usakhudze chitsulo, ndipo kuwala kwa babu kusaugunde mwachindunji. Mukaona kuti babu likuuyang'ana, ikani kachidutswa ka lata pakati. Umangeni ndi kawaya kuti usasunthe mukamatembenuza mazira.

Kutchera manambala

Pa STC-1000 dinikizani batani la S kwa masekondi atatu, paoneka F1. Gwirani S uku mukukweza kapena kutsitsa ndi mivi. F1 ndi kutentha kumene mukufuna: ikani 37.8. F2 ndi mpata wa pakati pa kuthima ndi kuyakanso: ikani 0.3, womwe ndi wochepetsetsa. Mukatero babu lizithima pa 37.8 n'kuyakanso pa 37.5. Mukamaliza dinani batani lapawa kamodzi kuti isunge. Pa W1209, kutentha kukhalenso 37.8, P0 ikhale pa H osati C, ndipo P1, womwe ndi mpata uja, mutsitse kuchoka pa 2 umene umabwera nawo ufike 0.3. Mukaiwala P0, babu liziyaka pamene kwatentha.

Tsopano musathamangire kuika mazira. Chisiyeni chiyende chopanda kanthu tsiku lathunthu. Ikanimo kakapu ka madzi kagone m'menemo usiku. M'mawa viikani mutu wa sensa m'madziwo limodzi ndi thermometer yoyezera malungo, ya ku famasi. Imeneyo inapangidwira kuyeza pafupi ndi madigiri 37, ndiye ndi yodalirika kuposa sensa yotchipa. Ikati 37.2 pamene kontirola ikuti 37.7, pitani pa F4, kapena P4 pa W1209, muike -0.5. Theka la digiri likuoneka laling'ono, koma kwa masiku 21 limasintha tsiku loswa.

Mazira

Sankhani a nkhuku zoyenda ndi tambala, osapitirira sabata chiikiridwe, osatsuka. Lembani X mbali ina, O mbali ina, ndi pensulo. Tembenuzani katatu kapena kasanu pa tsiku, kuti dzira lisagonere mbali imodzimodzi usiku uliwonse. Pansi pakhale mbale ya madzi, chinyezi chikhale 50 mpaka 55 peresenti. Kontirola siyeza chinyezi, kameta kake n'kena. Pa tsiku la 7 unikani dzira lililonse ndi tochi ya foni mumdima: lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati kangaude, loyera mbee chotsani. Pa tsiku la 18 lekani kutembenuza, onjezerani mbale yachiwiri chinyezi chifike 65 mpaka 70, mutseke. Musamatsegule kuti muone, ngakhale mumve kulira m'kati. A nkhanga amatenga masiku 26 mpaka 28, a zinziri 17 kapena 18.

Malaiti akapita mulibe batire, fundikani bokosi ndi bulangete, muikemo mabotolo a madzi ofunda, osati owira. Mazira amapirira kuzizira kwa maola angapo kuposa kupsa.

Kupsa kumeneku ndi nkhani ya mwezi wa October. Nyumba ya malata ku Mchini kapena ku Kapata masana imasanduka ng'anjo, ndipo bokosi limakwera lokha ngakhale babu lili chithimire. Apa ndi pomwe STC-1000 imaposa inzake. Boolani bowo m'mwamba, muikepo fani ya 220V yotulutsa mpweya, muidutsitse pa 7 ndi 8 monga munachitira babu. F3 ndi mphindi zodikira mbali yoziziritsa isanayake: pa fani ikani 1. Koma tsiku lina mukadzalumikizapo firiji yamoyo, mwina kuti freezer izingoziziritsa maheu osawaumitsa, F3 isatsike pa 3, kuti kompuresa izipuma isanadzukenso.

Anapiye akauma nthenga, asamutsireni m'katoni yaikulu yokhala ndi utuchi pansi. Ngati simukuikanso mazira ena, kontirola yomweyo ipite nawo: sensa molingana ndi msana wa mwanapiye, F1 pa 33, F2 pa 1, ndipo sabata iliyonse muzitsitsa madigiri atatu. M'nyengo ya June ndi July muwasiyire babulo usiku mpaka nthenga zitamera thupi lonse.