Nyali za pepala pa phwando: kandulo iwaleni

Amene mukukonza chinkhoswe kapena phwando la usiku, ndipo mwagula nyali za pepala zozungulira ngati mpira zija zopachika m'mwamba, musayerekeze kuikamo kandulo. Kamphepo kakangowomba nyali imagwedezeka, lawi n'kugwira pepala, tenti yobwereka n'kupsa.

Njira yotchipa ndi timagetsi ta Khirisimasi ta LED ta pachingwe chachitali. Kokani chingwecho kuchoka pa mtengo wina kufika pa unzake, ndiye pofika pa nyali iliyonse chipindeni kuti timababu tinayi kapena tisanu tilendewere m'kati. Mangani ndi ulusi pa kawaya ka pamwamba pa nyaliyo kuti chisasomphoke. LED satentha kwenikweni, koma mababu akale a kawaya m'kati aja amawaula pepala. Pogula sankhani owala mwachikasu ngati dzuwa la madzulo. Oyera mbee aja ine sindiwakonda, alendo amaoneka otuwa pazithunzi.

Ngati kwanu magetsi amazimazima, gulani timatochi tokolekera pa makiyi, kamodzi pa nyali iliyonse. Kalendewetseni pakati kataloza pansi, batani lake mulitsinike ndi selotepi. Muyatse dzuwa litalowa, chifukwa mabatire ake sachedwa kufooka. Timabatire tozungulira ngati mabatani timeneti musatisiye pofikira ana. Mwana akameza kamodzi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Nthawi ya dzinja nyalizi zipachikeni pakhonde kapena m'tenti. Pepala lake ndi lopyapyala, madontho ochepa chabe limayamba kunyenyeka.