Laputopu yadzaza komanso ikuchedwa: momwe mungapezere malo ndi kusankha SSD yoyenera

Malaputopu ambiri omwe akugulitsidwa m'mashopu mwathu muno anagwirapo kale ntchito m'maofesi akunja. Ndi ma HP EliteBook, ma Dell Latitude ndi ma Lenovo ThinkPad, makina olimba ndithu, koma ena mwa iwo akadali ndi hadi disiki yamtundu wakale, yotchedwa HDD. Mukayatsa mumatha kukateleka madzi a tiyi, pobwera n'kupeza Windows ikadazungulirabe. Pakapita miyezi, kamzere ka pa C: kamafiira, uthenga woti malo atha n'kumangotulukira pakona ya sikirini. Apa ambiri amayamba kuwerengera ndalama zogulira laputopu ina, chonsecho mavuto awiriwa ali ndi mankhwala otchipa. Kudzaza kwa malo mutha kuthana nako lero lomwe osalipira kalikonse. Kuchedwa kumatha mukaika SSD, disiki yamakono yothamanga, bola ikhale yokwana m'makina anuwo.

Onani kaye chomwe chili mkati

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke, kenako pitani pa Performance n'kusankha Disk 0. Pamenepo palembedwa HDD kapena SSD, ndipo pamwamba chakumanja pali dzina lonse la disikiyo. Ngati palembedwa HDD ndipo nambala yake ikungokhala pa 100% pamene inu mwangotsegula Chrome yokha, gwero la kuchedwa mwalipeza.

Mkati mwa HDD muli kambale kozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi m'malaputopu, ndi kamkono komwe kamathamanga pamwamba pake kusaka fayilo yomwe mwaitanitsa, ngati singano ya galamafoni. Windows ikamayaka imafuna timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndiye kamkonoko kamangoti uku kathamangira, uku kabwerera. N'chifukwa chakenso HDD siigwirizana ndi mabampu: laputopu ikagwedezeka kwambiri ili chiyakire, kamkono kamatha kukanda kambale, mafayilo n'kuwonongeka. Amene mumayenda nayo m'chikwama pa kabaza musanaizimitse bwinobwino, dziwani kuti mukuika disiki pachiswe. SSD ilibe chozungulira chilichonse, imasunga zinthu m'timachipu ngati ta m'fulashi.

Mukapeza kuti muli kale SSD koma makina akuchedwabe, yang'anani pa Memory. Ngati RAM, malo omwe kompyuta imagwiriramo ntchito pa nthawiyo, ndi 4GB yokha ndipo yadzaza, ndalama zanu zipite kumeneko. Palinso timalaputopu totchipa tokhala ndi malo a 32GB kapena 64GB otchedwa eMMC. Amenewa anawotcherera pa bolodi, mtima wa laputopu mkatimo, sachotsedwa, ndipo tambiri tilibe pobayira disiki ina.

Sesani musanagule

Kusesa kumakuuzani kukula kwenikweni kwa katundu wanu, kuti musagule SSD yaikulu chifukwa cha zinyalala. Pitani pa Settings, System, kenako Storage, ndipo dinani Temporary files. Chongani Windows Update Cleanup, Delivery Optimization Files, Recycle Bin ndi Temporary files, n'kudina Remove files. Mukaona Previous Windows installation, imeneyo ndi Windows yakale yomwe imasungidwa mu foda ya Windows.old mukangokweza kumene. Imadya magigabaiti ambiri ndipo Windows imayenera kuichotsa yokha pakatha masiku 10. Ngati yatsopanoyo ikuyenda bwino, ichotseni.

Chenjerani ndi bokosi lolembedwa Downloads pamndandanda womwewo. Ambirife ma CV, masatifiketi osikana ndi ma PDF a kusukulu timangowasiya mmenemo, ndipo mukachonga bokosi limeneli zonse zipita osadutsa mu Recycle Bin. Foda imeneyi lowanimo nokha, muisanje ndi Size kuti zazikulu zibwere pamwamba, muzifufuta mukuona. Mupezamo mafayilo oinstolera mapulogalamu omwe munamaliza nawo kalekale, ena atadawunilodedwa katatu, okhala ndi manambala kumapeto kwa dzina.

Pambuyo pake ikani kapulogalamu kaulere kotchedwa WizTree kapena WinDirStat. Kamajambula disiki yonse m'timabokosi, bokosi lalikulu kutanthauza fayilo yaikulu. Kwa anthu ambiri chodya malo chimakhala mafilimu: masizoni athunthu omwe munakabenetsa kumsika, makanema a ukwati ndi chinkhoswe, ndiponso foda ya zithunzi za m'foni yomwe inakopedwa pa Desktop, n'kukopedwanso mu Documents mwezi wotsatira. Zimenezi sizifuna liwiro la SSD. Malo ake ndi pa disiki yakunja, ndipo kumapeto tiona kuti disiki imeneyo muli nayo kale.

Pa Settings, Apps, sanjani mapulogalamu ndi kukula kwake n'kuchotsa omwe simuwatsegula. Ogulitsa ena amadzaza laputopu ndi magemu komanso ma antivirus awiri kapena atatu kuti ioneke yokwanira. Windows Security yomwe imabwera ndi Windows imakwana kwa munthu wamba. Koma mu foda ya Windows ndi ya Program Files musamafufutemo kanthu pamanja, ngakhale WizTree ikuonetseni kuti WinSxS ndi yaikulu. Mukaigwira imeneyo makina atha kukana kuyaka.

Pa intaneti mupezanso malangizo oti muzimitse hibernate polemba powercfg /hibernate off, kuti fayilo ya hiberfil.sys ichoke. N'zoona kuti mumapeza magigabaiti angapo. Ine sindilimbikitsa zimenezi kwa munthu yemwe batire lake ndi lofooka. Kuno magetsi amathima osatsanzika, ndipo hibernate ndi imene imasunga ntchito yanu pa disiki batire likatsala pang'ono kutha. Kutaya chaputala cha dizeteshoni chifukwa chofuna malo a filimu imodzi n'kuluza.

Mukamaliza, onaninso kuti pa C: patsala katundu wochuluka bwanji. Nambala imeneyo isungeni.

Mtundu wokwana m'laputopu yanu

Apa ndi pamene anthu amataya ndalama, chifukwa ma SSD sali ofanana mabayidwe. Mtundu woyamba ndi SATA wa mainchesi 2.5, kabokosi kofanana kukula ndi hadi disiki ya laputopu. Ngati muli ndi HDD, uwu ndiwo umalowa m'malo mwake popanda vuto, ndipo umathamanga mpaka pafupifupi 550MB pa sekondi, pomwe HDD ya laputopu imavutika kudutsa 120MB.

Mtundu wina ndi M.2, kakhadi kakang'ono kataliko kobayidwa mwachindunji pa bolodi. Wofala kwambiri ndi 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, koma makina ena amafuna tatifupi ta 2242 kapena 2230. Chovuta n'chakuti pali M.2 ya SATA ndi M.2 ya NVMe, zofanana maonekedwe koma zolankhula mosiyana ndi bolodi. Kawirikawiri ya SATA imakhala ndi timipata tiwiri kumano kwake, ya NVMe kamodzi. Malaputopu ena amalandira zonse ziwiri, ena imodzi yokha, ndipo zimatheka khadi kulowa bwinobwino koma kompyuta osaiona. Choncho tembenuzani laputopu, werengani dzina ndi nambala yake yonse pansi pake, mufufuze buku lake pa webusaiti ya HP, Dell kapena Lenovo. Ngati zimenezo zakukanikani, nyamulani laputopuyo popita kogula, ayese muli pomwepo.

NVMe imalumikizana ndi bolodi kudzera m'njira yotchedwa PCIe: ya PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500MB pa sekondi, ya PCIe 4.0 cha m'ma 7,000MB. Manambalawa asakukopeni kwambiri. Kusintha komwe mudzakumve ndi kuchoka pa HDD kupita pa SSD iliyonse yabwino. Potsegula Word, Excel kapena Chrome, kusiyana kwa SATA ndi NVMe n'kochepa, ndipo khadi ya PCIe 4.0 ikaikidwa m'laputopu ya PCIe 3.0 imangoyenda pa liwiro la laputopuyo. Amene amapindula ndi NVMe yothamanga ndi ojambula ndi kukonza makanema.

Pa kukula, 128GB ndi yopanikiza, chifukwa Windows 11 payokha imafuna disiki yosachepera 64GB. Wophunzira kapena wa muofesi atha kukhala bwino ndi 256GB ngati mafilimu ali kwina, koma ngati thumba likulola tengani 500GB kapena 512GB. Kumbukirani kuti Windows imawerengera mosiyana ndi opanga ma disiki: 256GB imaoneka ngati 238GB, 500GB ngati 465GB, 1TB ngati 931GB. Ogulitsa sanakubereni pamenepo. Pa nambala munasunga ija onjezerani malo opumira, chifukwa SSD ikadzaza mpaka kukamwa imayamba kuchedwa polemba. Kusiya pafupifupi 20% yopanda kanthu ndi chizolowezi chabwino.

Zachinyengo ndi zogwirapo kale ntchito

Mayina odziwika ndi monga Samsung, Kingston, Crucial, Western Digital ndi SanDisk, ndipo amenewa ndi omwenso akuba amakonda kukopera. Mukaona SSD ya 2TB pa mtengo wa 256GB, isiyeni. Zoterezi mkati mumakhala kachipu kakang'ono konamizidwa kuti kazionetsa malo ambiri, ndipo mukadutsa malo ake enieni mafayilo amayamba kuwonongeka mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw imalemba disiki yonse n'kuwerenganso, ndipo bodza limaonekera pomwepo. Imatenga nthawi, choncho gwirizanani ndi wogulitsa kuti mubweza ikalephera, ndipo zimenezo zilembedwe pa lisiti.

SSD yogwirapo kale ntchito si yoipa nthawi zonse, koma muiyeze ndi CrystalDiskInfo musanapereke ndalama. Yang'anani Health Status, Power On Hours ndi Total Host Writes. Ngati akuti ndi yatsopano koma maola ake ali m'masauzande, mwadziwa munthu amene mukuchita naye malonda. Timachipu ta SSD timatha pang'onopang'ono tikamalembedwa, ndipo opanga amaika malire otchedwa TBW, kutanthauza materabaiti (TB) onse omwe angalembedwepo. Mwachitsanzo, Samsung 870 EVO ya 500GB ili ndi 300TBW ndi waranti ya zaka 5, komwe ndi kulemba magigabaiti oposa 160 tsiku lililonse kwa zaka zonsezo. Munthu wamba safikako, ndiye nkhani yoti SSD imatha msanga isakuopseni.

Kusamutsa Windows ndi kuika disiki

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, koperani mafayilo ofunika pa fulashi kapena pa Google Drive. Ngati disiki ili ndi BitLocker, loko ya Windows yotseka mafayilo, pezani kiyi yake ya manambala 48 mu akaunti yanu ya Microsoft n'kuilemba papepala.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukopera disiki yonse momwe ilili, Windows ndi mapulogalamu omwe. Mufunika kabokosi ka USB kobayiramo SSD yatsopano, ndi pulogalamu ngati Samsung Magician kwa amene agula ya Samsung, kapena Clonezilla yomwe ndi yaulere koma imafuna wozolowera. Apa ndi pamene kusesa kuja kumathandiza, chifukwa katundu wa pa HDD ya 1TB ayenera kukwana pa SSD ya 500GB. Njira yachiwiri ndi kuika Windows yatsopano pogwiritsa ntchito Media Creation Tool ya Microsoft ndi fulashi ya 8GB kapena kuposa. Ine ndimakonda imeneyi, makamaka pa laputopu yomwe inagulidwa ili ndi Windows yoikidwa ndi munthu wosadziwika. Imadya magigabaiti angapo a data, ndiye dikirani bandulo ya usiku kapena Wi-Fi ya kuntchito. Ngati Windows yanu inali yovomerezeka, imadzitsimikiza yokha mukangolumikiza intaneti, bola muike mtundu womwewo, Home kapena Pro.

Zimitsani laputopu ndi Shut down, zulani chaja, chotsani batire. Ngati batire lili mkati, zulani kawaya kake mukangotsegula chivundikiro. Masikuluwu muziwayala papepala motsatira malo omwe achoka, chifukwa ena ndi aatali ndipo mukawabwezera polakwika amaboola pulasitiki. Disiki ya SATA imakhala m'kafelemu kachitsulo kapena ka labala; kamasuleni n'kukaveka pa SSD. Khadi ya M.2 imalowa chopendekeka pang'ono, kenako mumaitsitsa n'kuimanga ndi kasikuluwu kamodzi kumchira. Igwireni m'mbali, osati pamano ake agolide, ndipo ikakana kulowa musaikakamize. Poyatsa, dinani F9 pa HP kapena F12 pa Dell ndi ThinkPad kuti musankhe koyambira, fulashi kapena SSD.

Chinthu chimodzi SSD siisintha: Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipu kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena yofanana nayo. Laputopu yakale kuposa apo idzathamanga ndithu, koma lamuloli likhalapobe. Ubwino wake SSD mutha kudzaichotsa n'kuiika m'makina ena.

Disiki yakale ija

Ngati ntchitoyi akugwirirani amisiri, auzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, hadi disiki yakaleyo mundibwezere." Muli zithunzi zanu, makalata ndi mapasiwedi osungidwa mu Chrome. Musaifomate msanga. Dikirani milungu ingapo mpaka mutatsimikiza kuti palibe chomwe chatsalira. Kenako iikeni m'kabokosi ka USB 3.0, ikhale yosungiramo mafilimu ndi makanema aja. Pa malaputopu okhala ndi DVD, palinso kafelemu kolowa m'malo mwa DVD komwe mungaikemo HDD. Yezani kaye ngati malowo ndi a mamilimita 9.5 kapena 12.7.

Pa SSD musamaike mapulogalamu ochita defrag, osonkhanitsa mafayilo omwazikana pa HDD. Windows imaisamalira yokha kudzera mu Optimize Drives. Yatsaninso Storage Sense kuti izisesa zinyalala mwezi uliwonse, koma pa Downloads musankhe Never. HDD ikamafa nthawi zambiri imayamba yachedwa kapena kulira kuti tiki tiki, pomwe SSD imatha kungozima tsiku limodzi popanda chizindikiro, ndipo kupulumutsamo mafayilo n'kovuta komanso kodula. Choncho kamodzi pamwezi bayani disiki yakale ija n'kukoperamo foda ya Documents ndi ya Pictures.