Momwe Mungasungire ndi Kuonetsa Ziphaso Zanu pa Foni Popanda Kuulula Zambiri

Kaundula wogawana, amene ambiri amamutcha blockchain, ndi buku limene makompyuta ambiri amalisunga nthawi imodzi, moti palibe mmodzi angafufute kapena kusintha zolembedwamo anzake osadziwa. Mabungwe ena amagwiritsa ntchito kaundulayu popereka ziphaso zosungidwa pafoni. Chofunika kumvetsa musanayambe n'chakuti dzina lanu, tsiku lobadwa ndi chithunzi chanu siziyenera kulembedwa m'kaundulayo. Mmenemo mumalembedwa kiyi (mndandanda wa manambala ndi zilembo) wotsimikizira siginecha ya pakompyuta ya bungwe lopereka chiphaso, komanso chizindikiro choonetsa ngati chiphasocho chinathetsedwa. Chiphaso chenichenicho chimakhala mu wallet, pulogalamu yosungiramo ziphaso ya pafoni yanu. Bungwe la W3C, limene limakonza malamulo a kayendetsedwe ka intaneti, linavomereza malamulo a ziphaso zotere mu 2019, ndipo dziko la Bhutan linayamba kupereka ziphaso za nzika zake m'njira imeneyi mu 2023, pomwe chigawo cha British Columbia ku Canada chili ndi pulogalamu yake yotchedwa BC Wallet.

Yambani ndi kuika wallet imene bungwe lopereka chiphasolo lakuuzani, kuchokera ku Google Play kapena App Store basi, osati pa linki imene wina wakutumizirani pa WhatsApp. Itsekeni ndi nambala yachinsinsi kapena chala chanu. Kenako bungwelo lidzatsimikizira kuti ndinudi, nthawi zambiri poyerekeza nkhope yanu ndi chithunzi chimene lili nacho kale, ndipo mukajambula QR code chiphaso chidzafika pafoni. Werengani zonse musanavomere, chifukwa dzina lolembedwa molakwika simungalikonze nokha. Siginecha ya bungwe imaonongeka ngakhale chilembo chimodzi chikasinthidwa.

Phindu lalikulu limaoneka pa nthawi yoonetsa chiphaso, ndipo apa ndi pamene muyenera kudekha. Banki kapena sukulu ikafuna kukudziwani, imatumiza pempho ku foni yanu, ndipo wallet imakuonetsani amene akufunsa ndi zimene akufuna. Ngati funso ndi lakuti kodi mwakwana zaka 18, ma wallet ena amatha kuyankha kuti inde osaulula tsiku limene munabadwa. Taganizirani kusiyana kwake ndi fotokope ya chiphaso cha unzika, imene timaisiya m'maofesi ili ndi zonse, osadziwa kuti mawa igwa m'manja mwa yani. Wofunsayo amayang'ana siginecha poiyerekeza ndi kiyi wa m'kaundula, choncho safunikira kuimbira bungwe limene linakupatsani chiphaso. Pempho likafuna zambiri kuposa zimene ntchitoyo ikufunika, likaneni. Ineyo ndimaona kuti ufulu wokana umenewu ndiwo mtima wa njira yonseyi, koma ambiri amangodina povomereza chifukwa cha changu.

Pali udindo umene umabwera ndi ufuluwu. Kiyi wanu wachinsinsi ali m'foni mwanu, ndipo palibe ofesi imene ili ndi wina wofanana naye. Wallet ikakupatsani mawu obwezeretsera kiyiyo foni ikatayika, amene kawirikawiri amakhala 12 kapena 24, alembeni papepala motsatira ndondomeko yake n'kusunga kumene mumasunga makalata a malo kapena satifiketi ya sukulu. Musawajambule, musawatumize pa uthenga, ndipo musauze aliyense woimba foni wodzitcha wogwira ntchito kubungwe. Foni ikabedwa, dziwitsani bungwe lopereka chiphaso tsiku lomwelo kuti lichithetse m'kaundula, kenako mupemphe chatsopano pafoni ina.