Mmene ndinadziwira kuti mwana wakonzeka kugwira buku

Mwana wanga wa zaka 6 ndimamuphunzitsa ndekha pakhonde kuno ku Thyolo, masana ndikaweruka kothyola tiyi. Maphatikizo a ba be bi bo bu ankawayimba bwinobwino, ndiye ndinathamangira kumupatsa buku. Apa mpamene ndinalakwitsa. Ankangoyang'ana chithunzi n'kulota mawuwo. Pamene panalembedwa "tambala" iye ankati "nkhuku", akumwetulira ngati wakhoza.

Agogo ake anati, "Musiyeni, akadali wamng'ono." Ine sindinafune kumusiya, koma bukulo ndinalibisa kaye.

Ndinadula katoni n'kulembapo mawu 10 opanda chithunzi, ena opanda tanthauzo n'komwe monga "lomi" ndi "tefu", kuti asadalire kuloweza. Mawu osavutawo anawawerenga onse. Pamene anakakamira ndi pa malembo ophatikizana: nkh, mph, ntch, ndi ng' ya mu "ng'ombe", imene ankaisokoneza ndi ng ya mu "ngolo". Chichewa chimawerengedwa mmene chalembedwera, choncho vuto lonse linali pomwepo. Tinakhala pa zimenezi milungu itatu, mphindi 15 patsiku, nthawi zina tikulemba pansi ndi kamtengo.

Atayamba kukhoza mawu 8 mwa 10 popanda ine kumunong'oneza, ndinamusokera kabuku ka masamba anayi, konena za nthochi, mapeyala ndi minibasi ya ku Luchenza. Chithunzi ndimachiphimba ndi dzanja mpaka amalize chiganizo, kenako ndimamufunsa zimene wawerengazo. Akapunthwa kasanu patsamba limodzi, timabwerera ku katoni.

Dzulo wawerengera agogo ake tsamba lonse, "ntchentche" yekha ndi amene anamugwetsa.