Mmene Mungatsatirire Mpikisano wa Rugby League Muli ku Blantyre

Choyamba, dziwani mzinda umene masewero akuchitikira, chifukwa nthawi imene mumaona pa intaneti kawirikawiri imakhala ya kumeneko, osati ya kuno. Mpikisano wa dziko lonse wa 2026 wa rugby league, masewero a osewera 13 mbali iliyonse, wakonzedwa kuti uchitikire makamaka ku Australia ndi ku Papua New Guinea. Mizinda ya Brisbane ndi Port Moresby ili patsogolo pathu ndi maola 8, choncho masewero oyamba 7 koloko madzulo kumeneko amapezeka 11 koloko m'mawa kuno. Mzinda wa Sydney ndiwo wofunika kusamala nawo, popeza kumayambiriro kwa Okutobala amasuntha wotchi ndi ola limodzi, ndipo kusiyana kumafika maola 9.

Lembani nthawi zimenezi papepala, mulimate pakhoma. Ngati mumaonera kumalo oonetsera mpira ku Ndirande kapena ku Limbe, kambiranani ndi mwini malowo pasadakhale, chifukwa ambiri amatsegula masana podikira mpira wa ku England. Gulani bandulo dzulo lake ndi kutchaja foni usiku, kuti magetsi akathima musaphonye chigawo chachiwiri cha mphindi 40, chimene kwa ine ndicho chimakoma koposa, osewera atatopa ndipo mipata yatseguka.