Motosera ikakana kulira, musathamangire kabuleta

Okutobala akangofika, ife osadza ndi kudula mitengo kuno ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, sitipuma. Aliyense amakumbukira nthawi imodzi kuti bulugamu wakuseri kwa nyumba wapendekera ku malata, ndipo amafuna nthambizo zitsike mvula yamkuntho isanayambe. Ndi nyengo yomweyinso imene makina amafa kwambiri. Tikakumana masana pa nsima madandaulo amakhala omwewomwewo: wina motosera yake, makina a tcheni odulira mitengo, ikulira n'kuzima, wina ikutha tcheni msanga, wina pisitoni yapsa makina asanathe n'chaka chomwe. Ambiri amafuna kuyamba ndi kupotokola timasikuluwu ta kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo ine ndimawaletsa. Kabuleta ikhale yomalizira. Makina ambiri amene ndawaona atafa anaphedwa ndi mafuta, fumbi ndi tcheni yobuntha.

Yambani ndi chigubu cha petulo. Injini ya motosera ilibe malo akeake a oyilo, pisitoni imadalira oyilo amene mwasakaniza mu petulo. Makina a Stihl ndi Husqvarna amafuna gawo limodzi la oyilo wa 2T, wopangidwira kusakaniza mu petulo, pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi, kapena 100 pa malita 5. Makina ambiri otsika mtengo ochokera ku China amalemba 25 kwa 1, amene ndi mamililita 40 pa lita, choncho werengani kabuku kake musanathire. Kuyeza ndi maso kapena ndi chotsekera botolo n'kumene kwatha mapisitoni a anzathu. Gulani sirinji yaikulu ku famasi, muimangirire ku chigubu ndi kachingwe. Thirani petulo pang'ono, kenako oyilo, khutchumulani, mumalizitse petulo wotsalayo n'kukhutchumulanso. Oyilo wa galimoto kapena wa njinga yamoto ya 4T asalowemo.

Tikapita kumidzi ya kwa Domwe kapena ku Tsangano nthawi zina timagula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, chifukwa palibe kochitira mwina. Kwezani botolo ku dzuwa, muyang'ane pansi pake. Madzi amakhala pansi ngati kadontho kosiyana mtundu, ndipo mukawaona botololo lisiyeni. Amene mwagulayo musefe ndi kansalu koyera. Musasakanizenso wambiri: petulo wosakaniza akapitirira mwezi amafooka, ndipo amasiya zomata m'timabowo ta kabuleta.

Mafuta akakhala bwino, tsegulani chivundikiro cha pamwamba muone sefa ya mpweya. M'chilimwe chino imatsekeka tsiku limodzi lokha. Tsekani kaye choke, kotsekera mpweya poliza makina, kuti zinyalala zisagwere mkati, kenako muchotse sefayo, muikutumule ndi mswachi wakale. Ngati ndi ya nayiloni itsukeni ndi madzi a sopo, iume ndithu musanabwezere. Sefa yotsekeka imapangitsa makina kufuka utsi wakuda ndi kulira molemera, ndipo munthu amaganiza kuti injini yatha.

Pulagi imakuuzani zambiri. Ikakhala yofiirira, injini ikudya bwino. Yakuda yamwaye, mafuta achuluka kapena mpweya wachepa. Yotuwa mbuu, imani pomwepo, chifukwa injini ikulandira mafuta ochepa ndipo ikutentha mopyola. Mpata wa pakamwa pake pa makina ambiri ndi mamilimita 0.5. Mukakoka chingwe kambirimbiri choke ili chitsekere, pulagi imanyowa. Imasuleni, muipukute, makina muwathimitse pa switchi n'kukoka chingwe kangapo pulagi ili kunja kuti petulo atuluke, kenako mubwezere n'kuliza choke ili yotsegula. Ndimayenda ndi pulagi ina yatsopano m'thumba nthawi zonse.

Pali vuto lina limene limazunguza mutu: makina akulira bwinobwino mphindi zingapo, n'kuzima, mukawasiya pang'ono n'kuliranso. Akangozima masulani chotsekera thanki pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, kabowo kopumira thanki katsekeka. Ngati simunamve kanthu, pindani kawaya muwedze kasefa kamene kamalendewera ku paipi m'kati mwa thanki. Kakada, sinthani, ndi kotsika mtengo.

Tsopano tcheni, imene kwa ine ndiye theka la ntchito yonse. Mnyamata wina amene timagwira naye anabwera atakhumudwa, akuti, “Achimwene, makina angawa mphamvu zatha, bola ndingowagulitsa.” Ndinamuuza kuti, “Mphwanga, tadula chipika icho ndione.” Anatsamira ndi thupi lonse, utsi ukufuka pamtengo, ndipo chimene chinkagwa pansi chinali fumbi losalala ngati ufa woyera. Injini inalibe vuto lililonse. Tcheni yakuthwa imalavula tizibenthu tooneka ndi maso, ndipo imadzikoka yokha kulowa m'mtengo, inu n'kumangoiwongolera. Mukayamba kukanikiza, dziwani kuti nthawi yonola inakwana kale, ndipo mphindi iliyonse imene mukukakamira mukuwotcha chitsulo choyendapo tcheni, kalachi ndi injini yomwe.

Tupa lonolera likhale la saizi yoyenera tcheniyo. Tcheni ya saizi 3/8 ya makina akuluakulu imafuna tupa lobulungira la mamilimita 5.2 kapena 5.5 malinga ndi kampani, ya .325 imafuna la 4.8, ndipo ya timakina ting'onoting'ono tokwera nato m'mtengo nthawi zambiri imafuna la 4.0. Panikizani chitsulo choyendapo tcheni kuti chisagwedezeke. Kutchire ine ndimacheka kamng'alu pachitsa n'kulowetsamo. Chongani dzino loyambira ndi makala kuti mudziwe pothera. Tupa ligone mopingasa pa madigiri 30, kutsatira kamzere kamene mano ambiri amakhala nako pamwamba, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu a tupalo lizionekera pamwamba pa dzino. Kankhani kuchokera mkati kupita kunja, pobwerera litukuleni lisakhudze. Dzino lililonse lilandire mofanana. Mbali imene dzanja lanu limagwira momasuka ndi imene mumainola kwambiri osadziwa, ndipo mano a mbali imodzi akatalika kuposa anzawo, makina amadula mokhota.

Chimene ambiri amaiwala ndi kachitsulo kamene kali kutsogolo kwa dzino lililonse. Ndiko kamalamula kuti dzino lilume mozama bwanji, ndipo kayenera kutsika ndi mamilimita 0.65 kuyerekeza ndi nsonga ya dzinolo. Mukamanola, dzino limafupika n'kutsika, kachitsuloko n'kutsala m'mwamba, ndiye tcheni imakhala yakuthwa koma yosadula. Mukanola katatu kapena kanayi, kapaleni pang'ono ndi tupa lafulati, muyeze ndi kachipangizo koyezera. Musakapale mopyola pofuna liwiro. Ndaonapo makina otere akulumpha m'manja mwa munthu ali pamwamba pa mango, ndipo sindifuna kuonanso.

Mtengo nawo uyang'aneni musanaudule. Kumene chiswe chamata dothi pakhungwa, sendani kaye ndi chikwanje, popeza dothi limabunthitsa tcheni kamodzi n'kamodzi. Mango a pakhomo amabisa misomali ndi waya wa zingwe zoyanikira zovala zakalekale. Anzathu a kumunsi, ku Moatize ndi ku Changara, amalimbana ndi tsanya, mtengo wouma gwaa, ndipo iwo amanola nthawi iliyonse imene akuthira petulo. Ndi chizolowezi chabwino ngakhale kwa ife a bulugamu ndi paini.

Musanayambe kudula, lozetsani nsonga ya chitsulo choyendapo tcheni pachitsa choyera, muwonjezere moto pang'ono. Pakaoneka kamzere ka oyilo, pampu yothira oyilo pa tcheni ikugwira. Pakapanda kuoneka, masulani chitsulocho, mutokose ngalande yake ndi kabowo kolowera oyilo. Pobwezera muchitembenuze, pansi pakhale pamwamba, kuti chizitha mofanana. Oyilo wakuda wotsala ku galaja ndikudziwa kuti ndi waulere, koma musauthire ngati oyilo wa tcheni: ali ndi timachenga ta zitsulo timene timadya pampu, ndipo amawazikira pakhungu panu tsiku lonse. Tcheni muikunge ili yozizira, igunde pansi pa chitsulo koma izitha kuyenda mukaikoka ndi dzanja lovala gulovu. Ngati munaikunganso ili yotentha, muimasule poweruka, chifukwa ikamazizira imafupika n'kukoka shafiti ya injini.

Zonsezi zikakhala bwino vuto n'kukhalapobe, ndiye tifike pa kabuleta. Pali timasikuluwu titatu: L ka mafuta a moto wochepa, H ka mafuta a moto wonse, ndi kachitatu kolembedwa LA pa Stihl kapena T pa Husqvarna. Koopsa ndi ka H. Mukakamanga pang'ono makina amalira mokweza mosangalatsa khutu, koma mwachepetsa petulo pamodzi ndi oyilo wake, ndipo pisitoni imayenda youma. Kwa ife a m'chigawo cha Tete palinso china. Ulongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200. Kuno kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye mmisiri amachepetsa mafuta kuti zilingane. Makina omwewo mukatsika nawo kukagwira ganyu ku Matundo, mu mzinda wa Tete, amakoka mpweya wambiri pa mafuta ochepa aja, kuwonjezera kutentha kwa Novembala kumene kumadutsa madigiri 40. Mukatsika, pitani nawo kwa mmisiri wakomweko awatsegulire ka H pang'ono, ndipo mukabwerera kuno awabwezerenso.

Ngati chingwe chayamba kukokeka mopepuka kuposa kale, masulani chotulutsira utsi muunike pisitoni ndi tochi ya foni. Ikakhala yosalala, pitirizani kufufuza kwina. Mukaona mizere yokalika kuchokera pamwamba kutsika pansi, musalizenso. Pafunika pisitoni ndi ringi zatsopano, mwinanso silinda, ndipo mmisiriyo mumuuze ayezenso ngati injini ikuba mpweya pa masilo, timphira totseka m'mbali mwa shafiti, kapena pa kapaipi ka pakati pa kabuleta ndi silinda, chifukwa akapanda kutseka pobera mpweyapo, pisitoni yatsopanoyo ipsanso.