Mukufuna kukafufuza miyala kapena nyama ku Svalbard? Yambani ndi izi musanagule jekete

Ana a geology ndi biology ku Chanco, MUST kaya Mzuni akangomva kuti kuli dera lina la Norway lomwe munthu aliyense atha kukakhala popanda viza, mitima imakwera m'mwamba nthawi yomweyo. Nkhaniyo ndi yoona ndithu, deralo ndi Svalbard, zilumba zomwe zili pakati pa Norway ndi nsonga ya kumpoto kwa dziko lapansi, tawuni yake yaikulu ndi Longyearbyen, ya anthu pafupifupi 2,500 basi. Pali pangano lomwe linasainidwa ku Paris mu 1920 lomwe linapereka zilumbazi kwa Norway, ndipo mpaka lero malamulo a viza a Norway sagwira ntchito kumeneko. Koma abale anga, kusowa kwa vizako kwanamiza anthu ambiri, chifukwa chomwe chimabweza munthu panjira si kuzizira ayi, ndi kusokoneza ndondomeko ya mapepala. Nde tiyeni tiziyende mmene zimayenera kuyendera.

Choyamba: dziwani chomwe mukukasaka

Musayambe ndi tiketi, yambani ndi funso la kafukufuku wanu, chifukwa fomu iliyonse yomwe mudzalembe kutsogoloku idzakufunsani zomwezo.

Ngati ndinu wa miyala, Svalbard ndi phwando. Kulibe mitengo, kulibe tchire, kulibe dothi lofiira lokwirira chilichonse ngati kwathu kuno komwe umayenda tsiku lonse kusaka pomwe mtsinje wakokolola kuti uone thanthwe, kumeneko phiri limangokhala lamaliseche mizere yake yonse ikuoneka uli patali. Pamalo otchedwa Festningen, pakamwa pa Isfjorden, nyanja yomwe inalowa mkati mwa chilumba, miyala yomwe inagona mosanjikizana inadzuka n'kuima chilili, moti ukamayenda m'mbali mwa nyanja makilomita pafupifupi 7 umakhala ukudutsa zaka mamiliyoni oposa 200 ndi mapazi ako. Pompo ndi pomwe anapeza mapazi a dinosaur mu 1960. Chakum'mawa kwa Longyearbyen, gulu la ku Natural History Museum ya ku Oslo lotsogozedwa ndi Jørn Hurum linafukula mafupa a zilombo zam'nyanja zakalekale, china mwa izo anachitcha Pliosaurus funkei. Amene munaonapo Malawisaurus ku myuziyamu ya ku Karonga mukudziwa kale mtundu wa ntchito yomwe ndikunena.

Malasha nawonso aliko, ndipotu ndi omwe anabala tawuniyo, John Munro Longyear wa ku America anayambitsa mgodi kumeneko mu 1906 dzina n'kutsalira. Malasha a pafupi ndi tawuni ndi a zaka pafupifupi 60 miliyoni, aposachedwa kwambiri poyerekeza ndi athu a ku Mchenga ku Rumphi, a m'miyala yakale yotchedwa Karoo, ndipo mukakwera kumapeto kwa glacier (chimtsinje cha ayezi) ya Longyearbreen mumatola miyala yodinda masamba a mitengo ikuluikulu, pamalo pomwe lero chomera chachitali sichifika n'komwe m'bondo. Funso labwino la thesis limachokera pa zinthu ngati zimenezo. Mgodi womaliza wa Norway, Gruve 7, unatsekedwa mu 2025, koma a ku Russia akadali ndi wawo ku Barentsburg.

A nyama muli ndi reindeer (nyama zonga agwape) za kumeneko zamiyendo yaifupi, nkhandwe za ku Arctic, atsekwe, mbalame zam'nyanja zomwe zimaswana m'maphompho, ndi nyama zam'nyanja monga ma seal ndi ma walrus. Zimbalangondo zoyera zisiyeni kaye, amene amazigwira n'kuziveka makolala ozilondolera ndi a Norwegian Polar Institute pa helikopita, mwana wa digiri yoyamba sangoyambira pamenepo.

Chachiwiri: pezani khomo lolowera

Khomo la ophunzira ndi UNIS, University Centre in Svalbard, yomwe inatsegulidwa mu 1993 ku Longyearbyen komweko. Amaphunzitsa mu Chingerezi, nde za chinenero cha ku Norway musadandaule nazo. Ali ndi biology, geology, geophysics ndi technology, zonse za ku Arctic. Chomwe ambiri sachimvetsa n'choti UNIS sipereka digiri. Mumayenera kukhala kuti ndinu wophunzira kale pa yunivesite ina, mumangopitako kukatenga makosi a semesita imodzi kapena a masabata ochepa n'kubwerera nawo kwanu, choncho amene munamaliza kalekale ndipo simunalembetse masters kulikonse yambani mwakonza zimenezo.

Kosi iliyonse ili ndi tsamba lake pa webusaiti ya UNIS lomwe limanena maphunziro omwe muyenera kukhala munachita kale. Werengani bwinobwino, kenako pitani kwa hedi wa dipatimenti yanu mukagwirizane molemba kuti makosiwo adzawerengedwa pa digiri yanu mukabwerako. Molemba, ndabwerezanso dala, mawu apakamwa amauluka bwana akasintha. Transikiripiti itanitsani miyezi ingapo nthawi isanakwane, tonse tikudziwa mmene mapepala amayendera m'maofesi. Masiku otsekera mafomu a semesita yoyamba mu Ogasiti ndi yoyamba mu Januwale muwaone pa webusaiti ya UNIS yomweyo.

Pa ndalama, dziwani kuti kuyambira 2023 mayunivesite a boma ku Norway anayamba kulipiritsa fizi ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya, nde nkhani yakale ija yoti ku Norway sukulu ndi yaulere kwa aliyense musaimeze yonse, werengani gawo la zolipira pa kosi yomwe mwasankha. Amene muli kale pa masters kapena PhD ndipo mukufuna kukatola data yanuyanu, njira ndi kupeza supavaiza wa ku Norway. Thandizo lotchedwa Arctic Field Grant, lomwe limathandiza pa ndalama zopitira kufildi, limadutsira ku mabungwe a ku Norway, popanda mnzanu wa kumeneko simulifikira.

Chachitatu: viza yomwe munauzidwa kuti sifunika

Ku Svalbard kulibe ndege yochokera kwina kulikonse kupatula Norway, mumakwerera ku Oslo, ulendo wa maola atatu, kapena ku Tromsø. Norway ili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, Svalbard ili kunja kwa Schengen. Ndiye kuti mukatera ku Oslo mwalowa kamodzi, mukakwera ya ku Longyearbyen mwatuluka, pobwerera mukulowanso kachiwiri. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen, ndipo ikhale yolowera kawiri kapena kuposa. Mukapatsidwa yolowera kamodzi mudzapita bwinobwino koma pobwera mudzakakamira pachilumba pomwe njira yotulukira ndi imodzi yomwe simukuloledwa kudutsa. Onetsetsaninso kuti masiku a vizayo akufika mpaka tsiku lobwerera. Zonse za mafomu zili pa webusaiti ya UDI, ofesi yoona za olowa m'dziko la Norway, ndipo ku Lilongwe kuli ofesi ya kazembe wa Norway.

Chinanso, kusafuna viza sikutanthauza kuti akakusungani. Lamulo ndi loti uzitha kudzisamalira wekha, wopanda ndalama kapena pogona bwanamkubwa, yemwe amamutcha Sysselmester, ali ndi mphamvu yomubweza. Nyumba ndi zosowa kwambiri, mukangolandira kalata ya UNIS lembetsani chipinda cha ophunzira tsiku lomwelo. Inshuwalansi ya zaumoyo isakhale yongonamizira, chipatala cha ku Longyearbyen n'chaching'ono, matenda aakulu amakutengera pa ndege ku Tromsø.

Chachinayi: lembetsani pulojekiti, pemphani zilolezo

Ngati mukungotsatira kosi, aphunzitsi amakhala atakonza kale zimenezi. Ngati ndi kafukufuku wanu, mulembetse pa Research in Svalbard, ambiri amangoti RiS, mumapatsidwa nambala yomwe idzafunike popempha chilolezo kwa Sysselmester. Ubwino wake mumaonanso zomwe ena akuchita kale, kuti musawononge ndalama kukayeza phiri lomwe anzanu analiyeza chaka chatha.

Malamulo a zachilengedwe kumeneko saseweretsa. Kuthyola maluwa n'koletsedwa. Chilichonse chomwe anthu anasiya 1946 isanafike ndi chotetezedwa, olo chikhale chitini chadzimbiri kapena thabwa lowola pafupi ndi mgodi wakale, musachitole, musachisunthe. Festningen yomwe ndatchula ija ndi malo otetezedwa, simungangofika ndi hamala n'kuyamba kugumula. Kugwira nyama, kuitenga magazi kapena kuiveka chilichonse kumafuna chilolezo china chochokera ku Mattilsynet, bungwe loona za chakudya ndi umoyo wa nyama, ndipo zimatenga nthawi, pemphani msanga. Mukamapita kutali ndi tawuni mumadziwitsa ofesi ya bwanamkubwa, ndipo atha kukufunsani inshuwalansi yolipirira kukusakani mukasowa.

Ena ntchito yawo idzawafikitsa ku Ny-Ålesund, kamudzi ka kafukufuku kokhakokha komwe mayiko monga Germany, France, China ndi India ali ndi masiteshoni. Nako kunali mgodi wa malasha, unatsekedwa ngozi ya mu 1962 itapha anthu 21. Kumeneko Wi-Fi ndi Bluetooth mumathimitsa chifukwa zimasokoneza zida zoyezera, nde ngati chida chanu cha kafukufuku chimalumikizana ndi foni pa Bluetooth ganizirani njira ina mukadali kuno.

Chachisanu: chimbalangondo

Apa ndichedwapo pang'ono. Ife tinazolowera kuti chilombo chili ku Liwonde kapena ku Majete kuseri kwa waya, ndipo wonyamula mfuti ndi renja. Ku Svalbard waya kulibe, ukangodutsa chikwangwani cha kumapeto kwa tawuni renja ndiwe wemwe. Lamulo limati aliyense wotuluka m'tawuni akhale ndi chothamangitsira chimbalangondo, kawirikawiri kamfuti kowombera moto wochenjeza, ndipo bwanamkubwa amalangiza kunyamulanso mfuti yeniyeni. Si nthano ayi, mu 2020 munthu anaphedwa ali mu tenti pamalo ogona alendo pafupi ndi bwalo la ndege la Longyearbyen.

N'chifukwa chake UNIS imayamba ndi maphunziro a chitetezo musanapite kufildi kulikonse: kuwombera, chithandizo choyamba, kuyenda pa ayezi wa panyanja, kupulumutsa mnzako wogwera mu mng'alu wa glacier, kufukula wokwiririka ndi chigumukire cha sinowo. Chigumukirecho si cha kuphiri kokha, mu Disembala 2015 chinalowa m'tawuni n'kupha anthu awiri m'nyumba. Kalata ya polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu itengereni kuno musananyamuke, imafunika pa chilolezo cha mfuti ndipo kuisaka muli kale kumeneko ndi mutu waukulu.

Koma mfutiyo musaione ngati ufulu. Zimbalangondozi zinatetezedwa kuyambira 1973, kuwombera n'kololedwa pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi ndipo njira zina zonse zalephera, ndipo chikaphedwa apolisi a bwanamkubwa amafufuza nkhani yonse. Kuyambira mu 2025 simuyenera kuziyandikira kupitirira mamita 300, ndipo kuyambira 1 Malichi mpaka 30 Juni ndi mamita 500. Pogwira ntchito mmodzi amayang'ana mwala wina amayang'ana uku ndi uko, ndipo mukagona kutchire mumasinthana ulonda usiku wonse. Amene amakonda kuzimirira yekha kukasaka sampulo yabwino, khalidwe limenelo alisiye pa KIA.

Chachisanu ndi chimodzi: nyengo ndi katundu

Dzuwa limalowa chakumapeto kwa Okutobala osatulukanso mpaka pakati pa Febuluwale, kenako kuyambira cha pa 20 Epulo mpaka kumapeto kwa Ogasiti silimalowa n'komwe. A miyala nthawi yanu ndi Julaye ndi Ogasiti sinowo atasungunuka, mumayenda pa boti ndi wapansi chifukwa misewu yonse ndi makilomita 40 okha kapena kuposa pang'ono ndipo silumikiza midzi. A sinowo ndi ayezi amapita Malichi mpaka Meyi pa snowmobile, kagalimoto koyenda pa sinowo, ndipo kuyendetsa chimenecho pamafunika laisensi yoyendetsera galimoto, amene mulibe yambani sukulu ya galimoto pano.

Zovala musawononge ndalama pa jekete limodzi lalikulu la pakaunjika n'kumati mwamaliza. Chinsinsi ndi kuvala mosanjikiza, mkati ubweya wa nkhosa, pakati chofunda, kunja chotchinga mphepo. Thonje limasunga thukuta kenako thukutalo limakuziziritsa, nde jinzi ndi matisheti athu aja ndi a m'nyumba basi. Batire la foni ndi la GPS limatha msanga pozizira, lisungeni m'thumba lamkati, ndipo polemba gwiritsani pensulo chifukwa bolopeni imauma. Mankhwala a vitamin D funsani adokotala ngati mukupita nyengo ya mdima.

Ufa nyamulani pang'ono ngati malo alipo m'chikwama, sitolo yaikulu ya chakudya m'tawuni ndi imodzi ndipo mitengo yake mukaisintha mu kwacha njala imatha yokha. Pobwerera miyala yanu idzalemera kuposa mmene mukuganizira, lembani nambala ndi malo pa thumba lililonse mukadali pomwe mwaitolapo, ndipo kambiranani ndi supavaiza zoitumiza ngati katundu wapadera pamodzi ndi kope la chilolezo chanu. Masokosi onyamula akhale osabooka, ku Longyearbyen nsapato amavula pakhomo, ku UNIS, ku myuziyamu, olo m'mahotela ena, chizolowezi chomwe chinatsalira nthawi ya migodi pomwe anthu ankaopa kulowetsa fumbi la malasha m'nyumba.